Za Kanema Wopatsirana pa Intaneti

Wailesi ili ndi khalidwe limodzi limene anthu saliganizira kawirikawiri, chifukwa analizolowera. Mlongoti wake umaponya mafunde m'mlengalenga kamodzi kokha, ndipo aliyense amene ali ndi chomvera amatapako. Omvera akhale khumi, akhale chikwi, akhale miliyoni, ntchito ya mlongotiwo ndi imodzimodzi, monganso dzuwa silichepa mphamvu chifukwa chakuti ambiri atuluka kudzaothera. Wailesi ya kanema yochokera pa mlongoti kapena pa setilaiti imatsata khalidwe lomweli.

Intaneti siili chomwecho. Iyo inakonzedwa monga positi. Chilichonse choyenda m'menemo chimagawidwa m'timaphukusi, ndipo kaphukusi kalikonse kamalembedwa keyala ya kompyuta imodzi kumene kakupita. Tsono anthu awiri akafuna kuonera mpira umodzimodzi pa intaneti, kompyuta yaikulu yotumiza, imene amisiri amaitcha seva, iyenera kutumiza zithunzizo kawiri, wina zake, wina zake. Akakhala chikwi, itumize kachikwi. Apa mpamene pali vuto lonse la nkhani ino, ndipo wophunzira uphunzitsi amene aligwira bwino vutoli adzapeza kuti zotsalazo nzosavuta kuzitsata.

Kukula kwa vutoli kumaoneka ndi samu ya kuchulukitsa, yoti ana a Sitandade 6 angaichite. Pa 28 January 2006, usiku wa chaka chatsopano cha anthu a ku China, pulogalamu yotchedwa PPLive inaonetsa chikondwerero chachikulu cha usikuwo kwa anthu oposa 200,000 nthawi imodzi. Zithunzi za masiku amenewo zinali kulira makilobiti a pakati pa 400 ndi 800 pa sekondi kwa woonera mmodzi. Munthu akatenga 500 yokha nachulukitsa ndi 200,000, apeza makilobiti 100,000,000, ndiwo magigabiti 100 pa sekondi iliyonse. M'chaka chimenecho njira yaikulu chotero inali ya ndalama zoopsa, yosatheka konse kwa kagulu ka achinyamata ongotuluka kumene ku yunivesite. Koma chikondwererocho chinaonetsedwa ndithu. Nanga anachita bwanji?

Yankho lake mphunzitsi aliyense wa sukulu ya pulayimale analiona kale ndi maso. Pali kalasi ya ana 80, koma buku lili limodzi. Mphunzitsi akati mwana aliyense abwere ku tebulo kuti amuwerengere payekha, dzuwa lilowa asanafike pa theka la kalasi. Koma akawerengera mzere woyamba ana atatu, mzere wachiwiri ana ena atatu, ndi kuwauza kuti aliyense akalemba aonetse anzake ndi kukoperanso kwa anzakewo mizere imene iye alibe, ndime yonse ifalikira m'kalasi mwamsanga, pamene mphunzitsi wawerenga mzere uliwonse katatu kokha. Ntchito yonyamula yachoka pa mphunzitsi, yapita kwa ana eni ake. Kompyuta ya woonera aliyense imachita monga mwanayo: imalandira, ndipo nthawi yomweyo imapereka kwa ena.

M'Chingerezi njirayi amaitcha peer-to-peer, ndipo mawu akuti peer atanthauza munthu wofanana msinkhu ndi mnzake, wosamposa ndi wosamchepera. Chichewa sichisowa mawu aatali pano, pakuti chili ndi kaphatikizo ka -an- kamene kamaonetsa kuti ntchito ikuchitika uku ndi uku: kupatsa, kupatsana, kupatsira, kupatsirana. Wina angadandaule kuti mawu akuti kupatsirana amamveka kwambiri pa nkhani ya matenda. Koma dandaulo limeneli likometsa mawuwo, chifukwa amisiri eni ake amafanizira kufala kwa uthenga pakati pa makompyutawa ndi mliri, ndiponso ndi miseche, imene munthu amanong'oneza awiri kapena atatu, koma pofika madzulo mudzi wonse wamva.

Njira yoyamba imene akatswiri anayesa inali ya nthambi. Ku yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, kuyambira cha m'ma 2000, anakonza dongosolo lotchedwa End System Multicast, m'mene owonera amaikidwa monga makolo ndi ana. Gwero la zithunzi limapatsa makompyuta owerengeka, iliyonse ya iwo imapatsa ena, enawo amapatsanso ena, kutsikira m'munsi. Mphamvu ya njirayi imaonekanso ndi samu. Aliyense akapatsa awiri, mzere woyamba uli ndi 2, wachiwiri 4, wachitatu 8, ndipo pofika mzere wa 17 onse pamodzi apitirira 260,000. Ndiye kuti khamu lonse la usiku uja likanafikiridwa zithunzi zitadutsa m'manja 17 okha.

Pa pepala njirayi nyokongola, koma pa ntchito ili ndi zilema ziwiri. Choyamba nchakuti pafupifupi theka la owonera lili mu mzere wotsiriza, ndipo awa amangolandira osapatsa aliyense. Mphamvu yawo imapita pachabe. Chachiwiri nchoopsa koposa. Woonera kanema si wantchito wolembedwa ayi. Amazimitsa kompyuta yake pamene wafuna, kaya mpira wamukwiyitsa, kaya amuitana kukadya. Ngati wozimitsayo anali mu mzere wachitatu, anthu zikwi zambiri amene anali pansi pake amatsala ndi chithunzi chouma kufikira dongosolo litawapezera kholo lina. Nthambi ikathyoka, masamba ake onse amafota.

Chifukwa cha ichi njira imene inapambana inali ina, ya ukonde. Mu 2004 wophunzira wina wa ku Chinese University of Hong Kong, dzina lake Xinyan Zhang, anatulutsa pulogalamu yotchedwa CoolStreaming, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho Yao Xin ndi anzake a ku Huazhong University of Science and Technology, mu mzinda wa Wuhan, anayamba PPLive. Pambuyo pake panabwera PPStream, SopCast, TVAnts, UUSee ndi ena, pafupifupi onse ochokera ku China. Nzeru yaikulu anaitenga kwa BitTorrent, imene Bram Cohen anakonza mu 2001 kuti anthu azigawana mafayilo aakulu. Mu ukonde mulibe kholo ndi mwana. Kompyuta iliyonse imagwirana ndi anansi angapo, ndipo mmodzi akachoka, otsalawo amakwanira.

Kayendedwe kake nkotere. Gwero limatenga zithunzi ndi mawu pamene zikuchitika, ndi kuzidula m'tizidutswa, kalikonse ndi nambala yake. Mu CoolStreaming kachidutswa kamodzi kanali ka sekondi imodzi. Munthu akatsegula pulogalamu nasankha chimene afuna kuonera, kompyuta yake imayamba yafunsa kwa kompyuta ina yapadera yotchedwa tracker. Iyi sinyamula zithunzi konse. Ntchito yake ndi ya kalaliki wosunga kaundula, amene amangoti, akuti ndi akuti akuonera chomwechi, makeyala awo ndi awa. Wobwera kumeneyo amagogoda kwa ena mwa iwo, ndipo iwonso amamuuza za anzawo ena amene akuwadziwa. Kalaliki uja akamaliza kulozera, ntchito yake yatha.

Kompyuta iliyonse ili ndi kankhokwe kamene kamasungamo tizidutswa ta mphindi imodzi kapena ziwiri zapitazo ndi tamene tikudikira kuonetsedwa. Kawirikawiri imatumiza kwa anansi ake kakalata kakafupi konena zimene zili m'nkhokwemo. Mu CoolStreaming kakalatako kanali ndi malo 120, amodzi pa kachidutswa kalikonse: pamene kachidutswa kalipo ankalemba 1, pamene kalibe ankalemba 0. Zili ngati kaundula wa m'kalasi, m'mene mphunzitsi amachonga amene abwera ndi amene ajomba. Kompyuta ikaona makalata a anansi ake imafanizira ndi ake, ndi kuyamba kupempha: nambala 507 kwa uyu, 508 kwa uyo, 509 kwa uje. Palibe amene amalamula zonsezi kuchokera pamwamba. Aliyense amangoyang'ana chimene akusowa ndi amene ali nacho.

Apa pali funso limene linavutitsa amisiri, ndipo ndi pamene kanema wa nthawi yomweyo asiyana ndi kugawana fayilo. Pa tizidutswa tonse tosowa, kompyuta iyambe kupempha kati? BitTorrent imayamba ndi kamene kali kosowa kwambiri pakati pa anansi, kuti kachuluke msanga ndi kuti kasatayike ngati mwini wake achoka. Pa fayilo nzeru imeneyi ilibe cholakwa, popeza tsamba lotsiriza likafika patsogolo pa loyamba palibe kanthu. Munthu adzawerenga zonse zikakwanira, kaya mawa. Koma mpira sudikira. Kachidutswa kalikonse kali ndi nthawi yake yoonekera, ndipo kakafika nthawiyo itapita kamakhala ngati ndiwo zofika nsima itatha. Tsono kompyuta ikangothamangira kachidutswa kamene kafulumira, onse apempha chinthu chimodzimodzi kwa anthu ochepa omwewo, ndipo tizidutswa tatsopano sitifala. Ikangothamangira kosowa, iphonya kamene kakufunika pompano. Pulogalamu iliyonse inali ndi muyeso wakewake wosakaniza ziwirizi, ndipo makampani ambiri ankabisa muyeso wawo.

Mphunzitsi wofuna kuti ana a makalasi aakulu amvetse zimenezi angathe kuzichita popanda kompyuta. Alembe chiganizo cha mawu khumi, liwu lililonse pa kapepala kake ndi nambala yake, ndipo mwana aliyense ajambule timabokosi khumi m'kope mwake. Mphunzitsi aonetse kapepala kalikonse kwa ana awiri okha, ndipo mwana aloledwe kufunsa okhawo amene wakhala nawo pafupi. Pakapita kanthawi mphunzitsi ayambe kuomba m'manja mwa apo ndi apo, ndipo pa kuomba kulikonse ana atchule liwu lotsatira. Amene alibe akhale chete. Akayamba kuomba msanga, ambiri akhala chete. Akadikira, onse atchula bwino, koma mochedwa. Kenaka atulutse ana asanu pabwalo masewera ali mkati, ndipo ana aone okha ngati chiganizo chifikabe kumbuyo kwa kalasi.

Masewerawo aonetsa mtengo woyamba umene woonera amalipira, ndiwo kuchedwa. Kompyuta siyamba kuonetsa kufikira nkhokwe yake itadzaza pang'ono, ndipo kachidutswa kalikonse kamadutsa m'manja ambiri kasanafike. Pa mapulogalamu a ku China aja munthu ankadikira masekondi khumi kapena makumi awiri chithunzi chisanaoneke, ndipo pa zinthu zimene owonera ake anali ochepa ankadikira nthawi yaitali koposa. Owonera awiri a chinthu chimodzi ankatha kusiyana ndi mphindi yathunthu kapena kuposa. Wokonda mpira ankamva phokoso la chigoli kwa mnansi wa setilaiti, pamene pa kompyuta yake mpira ukadali pakati pa bwalo. Pali chodabwitsa china pano. Pa seva wamba, owonera akachuluka zinthu zimaipa. Pa ukonde wopatsirana zinthu zimaipa owonera akachepa, chifukwa opatsa amasowa.

Komabe sibwino kuganiza kuti onse amapatsa mofanana, ngakhale dzina la njirayi litero. M'zaka zimenezo nyumba zambiri zinali ndi intaneti ya pa waya wa lamya yotchedwa ADSL, imene inakonzedwa dala kuti khomo lolowera likhale lalikulu ndi lotulukira laling'ono. Munthu wotere angalandire makilobiti 500 mosavuta koma osatha kutulutsa 500. Tsono samu yake njosakanika: zonse zimene owonera alandira ziyenera kulingana ndi zonse zimene wina wake watumiza. Ambiri akatumiza zochepa, ochepa ayenera kutumiza zambiri. Amene anafufuza PPLive anapeza kuti makompyuta a m'mayunivesite, okhala ndi njira zazikulu, ankatumiza zochuluka kwambiri kuposa zimene ankalandira, ndipo iwo ndiwo anali mizati ya nyumbayo. BitTorrent ili ndi lamulo lakuti wopatsa bwino apatsidwenso bwino, koma lamulo lotere nlovuta kulisunga pa kanema wa nthawi yomweyo, chifukwa kumana woumira kwa masekondi ochepa ndiko kumuzimitsira kanema, ndipo kawirikawiri iye sanaumire mwadala.

Mtengo wachiwiri ukhudza thumba, ndipo apa nkhaniyi ifika kwa mphunzitsi wa ku Malawi kapena ku Zambia amene intaneti yake amagula ya bandulo pa lamya ya m'manja. Bandulo imatha ndi zolowa ndi zotuluka zomwe. Mpira wa mphindi 90 pa makilobiti 500 pa sekondi umadya mamegabaiti pafupifupi 340. Ngati pulogalamu itumizanso kwa ena zolingana ndi zimene yalandira, afika pafupifupi 680, ndipo zithunzi zowala bwino za masiku ano zimadya kangapo kuposa pamenepa. Mapulogalamu ena akale ankapitirizabe kutumiza ngakhale munthu atatseka zenera la kanema, pokhapokha atazimitsiratu pulogalamuyo. Kumaiko kumene munthu amalipira ndalama imodzi pa mwezi, atumize zambiri kapena zochepa, kupatsa anzake sikumupweteka. Kwa wa bandulo kupatsa kulikonse ndi ndalama yotuluka m'thumba, ndipo nkoyenera kuti adziwe asanavomere.

Palinso nkhani ya lamulo. Njira yopatsiranayi payokha ilibe mlandu, monga msewu ulibe mlandu pa katundu wodutsapo. Koma chimene chinakopa anthu ambiri kunja kwa China chinali mpira ndi masewera ena amene makampani a kanema anagula ndi ndalama zambiri kuti aonetse okha. CoolStreaming inatsekedwa mu 2005 chifukwa cha nkhani za umwini wa zoonetsedwa. Mayina a SopCast ndi Ace Stream anamveka kwambiri m'madandaulo a eni mipira ya ku Ulaya. Chofunika kuchizindikira nchakuti pa njirayi palibe woonera chabe. Aliyense amene akuonera akugawanso, ndipo malamulo a umwini m'maiko ambiri amaona kugawa chinthu cha mwini popanda chilolezo monga nkhani yaikulu koposa kungoona. Ku Malawi lamulo la zimenezi ndi Copyright Act ya 2016. Ndiponso keyala ya intaneti ya woonera imaoneka kwa anansi ake onse a mu ukondewo, pakuti popanda keyalayo sangamutumizire kanthu. Wofuna kudziwa amene akugawa amangolowa nawo mu ukonde ndi kulemba makeyala.

Makampani olemekezeka anaiyesanso njirayi. Niklas Zennström ndi Janus Friis, amene anayambitsa Skype, anatsegula Joost mu 2007. BBC inagwiritsa ntchito kupatsirana pa iPlayer yoyamba, ngakhale kuti kunali kotsitsira mapulogalamu ojambulidwa kale. Pa 20 January 2009, tsiku limene Barack Obama analumbira kukhala mtsogoleri wa America, CNN inadalira pulogalamu yotchedwa Octoshape kuti owonera pa intaneti athandizane kunyamula. Koma pofika kumapeto kwa 2008 Joost ndi BBC anali atasiya kale njirayi, ndipo BitTorrent Live, imene Bram Cohen anaivutikira zaka zingapo, siinakhalitse.

Zifukwa zake zinali zoonekeratu. Anthu sanafune kuika pulogalamu yapadera pamene YouTube inali kutseguka ndi kudina kumodzi. Owonera ambiri anasamukira pa lamya za m'manja, zimene batire lake limatha msanga, ndipo kawirikawiri makampani a lamya amaika zikwi za makasitomala kuseri kwa keyala imodzi, kotero kuti lamya ina siingagogode kwa inzake mosavuta. Koposa zonse, mtengo wa njira zazikulu unatsika. Makampani onga Akamai, imene inayamba mu 1998, anamanga maseva ambirimbiri m'mizinda ya padziko lonse, kuti zithunzi zichoke ku gwero kamodzi, zifike m'maseva apafupi ndi anthu, ndipo woonera atape pa seva ya kufupi ndi kwawo. Ndi nzeru ya sitolo yaikulu yotsegula nthambi m'maboma. Magigabiti 100 amene anali oopsa mu 2006 anasanduka chinthu wamba.

Kupatsirana sikunafe, koma kunabwerera mwakachetechete ndi pa udindo wochepa. Asakatuli a intaneti onga Chrome ndi Firefox anapatsidwa luso lotchedwa WebRTC, limene limalola makompyuta awiri kutumizirana zinthu mwachindunji popanda kuika pulogalamu ina. Tsopano njira ziwirizi amaziphatikiza. Kachidutswa kamene nthawi yake ili patali amakapempha kwa anansi. Kamene kafulumira, kapena kamene anansi alephera kupereka, amakatenga pa seva. Chotero funso lija la kachidutswa kosowa ndi kofulumira linayankhidwa ndi ndalama, pokhala ndi seva yoima chilili kuti igwire zogwa. Mu 2021 Microsoft inagula kampani yotchedwa Peer5 kuti luso lake lithandize pa misonkhano ikuluikulu ya pa Teams, pamene antchito mazana a m'nyumba imodzi akuonera mkulu wawo akulankhula, ndipo nkopanda nzeru kuti chithunzi chimodzimodzi chilowe pa khomo limodzi ka mazana. PeerTube, imene bungwe la Framasoft la ku France linatulutsa mu 2018, inayamba kuonetsa zochitika nthawi yomweyo mu 2021. Iyo imauza woonera poyera kuti keyala yake ingaoneke kwa ena, imamusonyeza pansi pa chithunzi kuchuluka kwa zimene walandira ndi zimene watumiza, ndipo m'makonzedwe ake muli malo pamene wa bandulo yochepa angazimitse kupatsiranako ndi kumangotapa pa seva.